Mkazi wa ku Mankessim

Araba anatopa ndi kugona moyang'ana msana wa munthu. Chaka chinatha, china n'kulowa, mwamuna wake Fiifi akungofika pabedi n'kutembenukira kukhoma. Akamukhudza paphewa, yankho linali limodzimodzi: "Ndatopa, mayi a Esaaba." Kutopa kwanji kosatha? Ngakhale bulu amapuma n'kudzuka.

Fiifi sanali munthu woipa, ndipo n'zimene zinkapweteka kwambiri. Sankamenya, sankatukwana, ya ndiwo ankasiya. Anali makaniko wa mainjini a mabwato ku Moree, ndipo Araba ankawamba nsomba kuseri kwa nyumba. Ana awo, kuyambira woyamba Esaaba, anali atakula, wotsiriza ali kusukulu yogonera komweko. Matenda a shuga anamupeza Fiifi kalekale, koma mapiritsi ankamwa akakumbukira.

Kenako kunabwera za Lachiwiri. Tsiku limeneli nyanja imapuma, palibe bwato lolowa m'madzi, ndiye mainjini onse amakhala kumtunda kudikira makaniko. Ndi tsiku lodyerapo. Koma Fiifi anayamba kutseka shedi yake m'mawa, n'kusamba, n'kuvala malaya oyera, n'kukwera minibasi ya ku Mankessim. Ankabwera madzulo maso ali psuu, akununkha kachasu.

Asodzi sanachedwe kuyamba. "Fiifi, wa ku Mankessim uja akukudyetsa chiyani? Taona m'mene waonderamu! Umuuze azikusiyirako pang'ono za kunyumba!"

Fiifi ankangoseka, osakana. Tsiku lina Araba akudutsa ndi beseni la nsomba pamutu anadzimvera yekha. Mawu a asodzi sanamulase kwenikweni. Chinamulasa ndi kuseka kwa mwamuna wake.

Anatula beseni, n'kulunjika kwa a Bentsil, malume ake, amene anali mkulu wa banja lawo. Anawapeza pakhonde akusoka ukonde.

"Malume, bwezani botolo."

A Bentsil anaika ukonde pansi. Pa ukwati wa Araba ndi iwo amene analandira botolo la mowa kuchokera kwa abale a Fiifi, ndipo botolo lotero likabwerera kwa eni ake, banja latha.

"Mwana wa mlongo wanga, khala pansi kaye. Walakwanji Fiifi?"

"Ali ndi mkazi ku Mankessim. Ine kunyumba ndasanduka mlongo wake."

"Wamuona ndi maso mkaziyo?"

"Moree yense akudziwa."

"Moree yense ananenanso kuti ine ndafa chaka chatha, koma ndili pano ndikudya." Anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kuona kuti mwanayu sakusewera. "Chabwino. Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi ndimuitana pamodzi ndi mkulu wake, adzayankhe. Akapanda kuyankha bwino, botolo lipita."

Lachiwiri lisanafike Lamlungu limenelo, Araba anati banja litha, inde, koma aione kaye nkhope ya mkazi amene wamulanda mwamuna. Fiifi atakwera minibasi, iye anakwera yotsatira, duku atalikokera mpaka pansidze. Njira yonse ankakonza mawu oti akamuuze mkaziyo. Ena mwa mawuwo sangalembedwe.

Ku depoti ya ku Mankessim anaona malaya oyera akukhotera kuseri kwa mabasi akufa. Anatsatira. Kunalibe nyumba, kunalibe mkazi. Kunali benchi, amuna atakhala mitu ili pansi ngati ali pamaliro, ndi chimunthu chonenepa chikukuwa pa chimkuzamawu.

"Abambo, bwanji mukuchita manyazi m'nyumba mwanu momwe? Munagwa mu mpapaya? Dzukani! Botolo limodzi lokha, mayi apempha okha madzi akumwa!"

Fiifi anali wachitatu pabenchi. Anapereka ndalama, n'kulandira botolo lodzaza mizu ndi makungwa, n'kulibisa msangamsanga m'jumbo yakuda. Potembenuka anakumana ndi mkazi wake.

Onse awiri anaima duu. Mawu onse amene Araba anakonza m'minibasi anathawa. Analoza jumboyo.

"Mkazi wa ku Mankessim uja ndi ameneyu?"

Fiifi anagwedeza mutu movomera. Araba anamugwira dzanja, n'kumukokera pakhonde la sitolo yotseka. Anakhala pasimenti.

"Yankhulani."

"Zinafa, Araba." Anamutchula dzina lake, chinthu chimene anali asanachite kwa zaka. "Zinayamba pang'onopang'ono. Kenako zii. Mtima umafuna, koma thupi siliyankha. Ndayesa mizu, ndayesa mapiritsi a buluu a m'magolosale. Palibe."

"Ndiye munalola asodzi azinditonza ndi mkazi woti kulibe?"

"Ukudziwa mwambo wathu. Mwamuna wachimasomaso amapepesa ndi nsalu ndi mazira, banja n'kupitirira. Koma mwamuna amene walephera m'nyumba, akulu amamasula mkazi wake tsiku lomwelo. Ndinati bola undide, koma ukhalepo."

Taonani nzeru za amuna! Munthu wodziwa kumasula injini yonse n'kuibwezera, koma kutsegula pakamwa kwa mkazi amene anamuberekera ana, ayi, kumeneko n'kovuta.

Araba analira, ndipo analira mokwiya. "Mukudziwa kuti ndinasintha sopo? Ndinkadzikwecha ndi mandimu mpaka khungu kuwawa. Ndinkati ndikununkha utsi wa nsomba. Ndinkati ndakalamba, mabere agwa, n'chifukwa chake simundiyang'ana."

"Ayi! Iwe ayi. Fungo la utsi limenelo ndi limene..." Anabisa nkhope m'manja.

Araba anamusiya alire. Kenako anatsegula botolo lija, n'kuviika chala, n'kulawa. Kachasu ndi uchi, kutsekemera kokhakokha.

"Munthu wa shuga kumwa uchi Lachiwiri lililonse! Mukufuna ndikhale wamasiye?" Anakhuthulira zonse m'ngalande. "Tsono mverani. Ndinapita kwa malume. Lamlungu akukuitanani za botolo la ukwati."

Fiifi anadzidzimuka. Anaganiza pang'ono, n'kunena motsitsa mawu, "Ndingovomera za mkaziyo. Ndigula nsalu yabwino, iwe ulandire, nkhani ithe."

"Nsalu yabodza sindivala. Mukanene zoona, kapena botolo lipite. Koma mawa m'mawa tikupita kuchipatala."

Kuchipatala cha boma, kumene Fiifi ankatengera mapiritsi a shuga, anawalandira a Amissah, namwino wachikulire wa magalasi. Atamuyeza magazi anavula magalasiwo.

"Bambo Fiifi, shuga ameneyu mukufuna kutsegula naye fakitale?"

Fiifi anayang'ana pansi. Araba anamugunda ndi chigongono, kenako n'kutembenukira kwa namwinoyo.

"Mayi, ndinene ine," anatero Araba. "Amuna angawa m'nyumba zinthu sizikudzuka. Papita nthawi."

Fiifi ankadikira kuseka kwa namwinoyo. Sikunabwere. A Amissah anangokankha chitseko kuti chitsekeke bwino.

"Mwaona amuna ali pabenchi panjapo? Ambiri mwa iwo ali ndi vuto lomweli, koma aliyense akuganiza kuti ali yekha padziko. Bambo, simunalodzedwe, ndipo mayiwa sanalakwe kanthu. Kuti chida cha abambo chidzuke, pamafunika magazi alowemo okwanira, ndi mitsempha yotumiza uthenga. Shuga akakhala wokwera zaka zambiri amawononga zonse ziwiri. Kuthamanga kwa magazi kumateronso, fodya naye chimodzimodzi. Ena zimawachitikira atachitidwa opaleshoni ya m'munsimu, ena ndi nkhawa chabe."

"Ndiye zatha basi?" anafunsa Fiifi.

"Ndani wanena? Choyamba titsitse shuga. Kenako adokotala akupatsani mapiritsi enieni pa mlingo woyenera, osati ogula pamsewu. Akakanika, pali jakisoni, palinso kapampu kokokera magazi. Zonsezi zikakanika, pali opaleshoni. Madokotala amaika kachipangizo m'kati mwa chidacho, n'kumagwira ntchito."

Fiifi anafinya miyendo. "Kundidula kumeneko? Ayi, mayi, bola ndife."

"Mufe?" anatero Araba. "Uchi wa chimunthu cha ku depoti simunauope, koma mukuopa dokotala?"

A Amissah anaseka pang'ono. "Musathamange. Opaleshoni ndi khomo lomaliza, ambiri safikako. Koma ndi bwino mudziwe kuti khomolo lilipo."

Lamlungu linafika. Pakhonde la a Bentsil panali mipando inayi, ndipo botolo latsopano linali patebulo, losatsegula. A Ekow, mkulu wake wa Fiifi, anabwera atanyamula kale nsalu ndi mbale ya mazira.

"A Bentsil, tisatayane nthawi," anatero a Ekow. "Mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Mng'ono wangayu waterereka, tavomera. Nayi nsalu, nawa mazira. Alamu alandire, tizipita tikadye."

"Sindinafunse inu," anatero a Bentsil. "Fiifi, mkaziyo alipo?"

Araba sanamuyang'ane mwamuna wake. Ankayang'ana zala zake za kumapazi. Njira yapafupi inali patebulo pomwepo, nsalu ija yopindidwa bwino, ya maluwa ofiira. Fiifi akanangoti "alipo", akanatuluka pakhondepo ali tambala pamaso pa mkulu wake. Ndipo Araba anadziwa kuti akatero, iye anyamula yekha botolo n'kuwapatsa a Ekow m'manja.

Fiifi anaimirira, n'kutsitsa nsalu yake paphewa monga achitira munthu polankhula ndi akulu.

"Malume, mkazi kulibe. Sanakhalepo n'kale lonse. Ndikudwala. Shuga anandiwononga, ndipo mkazi wanga sinditha kumufikira ngati mwamuna. Ndinanama chifukwa ndinkaopa kuti mundilanda."

A Ekow anayang'ana mazira awo ngati awalakwira.

A Bentsil anapumira m'mwamba. "Khala pansi, mwana wanga. Zimene wanenazi zimafuna chifuwa kuposa kulowa m'nyanja yolusa." Anatembenukira kwa Araba. "Wamva wekha. Mwambo ukukulola. Ukafuna kupita, palibe angakunene."

"Sindipita," anatero Araba. "Munthu amene ndimafuna kumusiya ndi wabodza uja, ndipo wachoka kale. Uyu ndi wanga. Akachira, ndi wanga. Akapanda kuchira, ndi wangabe. Koma ndisaname pamaso pa akulu: ndine munthu wa magazi, ndipo mwamuna wanga ndimamufuna. Ndiye kuchipatala ayenda mpaka njira itathera, osathawira pakati."

"Ndiyenda," anatero Fiifi.

A Bentsil anatsegula botolo lija, n'kuthira pang'ono pansi, n'kugawira alendo. Fiifi anamupatsa madzi. "Ndipo iwe Ekow, nkhaniyi ikatuluka pakhonde pano, ndidziwa pakamwa pamene yatulukira."

Njira inali yaitali, tisanamizane. Kachasu anatha, tiyi wa shuga anatha, dokono, nsima yakumeneko yokulunga m'makoko a chimanga, amene Fiifi ankadya mipukutu iwiri anatsala theka. Mapiritsi ankamwa Araba ataima pambali ngati wapolisi. Shuga anatsika. Mapiritsi a mphamvu anayesa, osathandiza. Jakisoni anathandiza pang'ono, kenako n'kusiya. Kapampu kanangowaseketsa awiriwo mpaka misozi. Koma ankaseka limodzi, ndipo ankagona atagwirana. Miyezi itapita, adokotala anawalembera kalata yopita kuchipatala chachikulu ku Accra, kwa katswiri wa ziwalo za abambo.

Katswiriyo, a Lamptey, anatulutsa zipangizo ziwiri m'kabati n'kuziika patebulo.

"Ichi ndi tindodo tiwiri tofewa. Timatiika m'kati, m'malo amene kale munkadzaza magazi. Mukafuna, mumawongola ndi dzanja. Mukatha, mumapindira pansi, n'kuvala buluku, palibe angadziwe. Chinachi ndi timachubu tokhala ndi kapampu kobisika m'thumba la machende. Mukafinya, madzi amalowa m'timachubu, chida n'kudzuka. Chimafanana kwambiri ndi chilengedwe, koma n'chodula, ndipo ziwalo zake n'zambiri."

Fiifi anatola kandodo kamodzi, n'kukapinda, n'kukawongola, n'kukayang'anitsitsa ngati sipeya ya injini. "Sikachita dzimbiri? Ife timakhala kumchere."

"Sikachita," anaseka a Lamptey. "Kamatha zaka zambiri, ngakhale kuti tsiku lina kangafune kusinthidwa. Tsono mumve zoona zake musanavomere. Tikaika, kubwerera kulibe. Thupi silidzadzukanso palokha, n'chifukwa chake timayamba tayesa zina zonse. Chachiwiri, bala lingathe kulowa tizilombo, makamaka kwa munthu wa shuga. Zikatero timachotsa chipangizocho. Choncho shuga akakwera, sindikugwirani. Chachitatu, sichitalikitsa kanthu, mwina mungaone ngati chafupikako pang'ono. Sichiwonjezeranso chilakolako."

"Chilakolako alinacho," anatero Araba. "Ine funso langa ndi ili: iwo azimva kukoma, kapena azingogwira ganyu?"

"Funso labwino, mayi. Khungu lizimva monga likumvera lero, ndipo ngati amatha kufika pamapeto, azifikabe. Inunso sichikupwetekani."

Sanayankhe tsiku lomwelo. Anabwerera ku Moree, n'kukambirana sabata yonse. Araba anamuuzanso kachiwiri kuti akakana, palibe chisintha pakati pawo. Fiifi anati, "Ndikufuna. Osati chifukwa cha mantha tsopano. Ndakusowa." Anasankha tindodo tija, akuti chinthu cha ziwalo zochepa sichivuta. Mtengo wake sunali wamasewera. Fiifi anagulitsa injini imene ankabwereketsa asodzi, Araba anaikapo chipereganyu chake, ndipo a Ekow, osapemphedwa, anabweretsa yawo atakulunga m'mpango.

Tsiku la opaleshoni, akumukankha pa kabedi ka matayala, Fiifi anagwira dzanja la mkazi wake. "Ndikapanda kudzuka..."

"Mudzuka. Mbali zonse."

Anamwino anaseka mpaka kabedi kanakhota.

Opaleshoni sinatenge nthawi yaitali, ndipo patangopita masiku ochepa anatuluka. Kunali kutupa, kunali ululu, ndipo Fiifi ankayenda ngati wakwera bulu wosaoneka. Araba ankayang'anira bala monga anamuphunzitsira, n'kumamwetsa mankhwala onse mpaka kutha. Amayi anzake owamba nsomba atafunsa kuti a Fiifi akudwala chiyani, anawayankha, "Akuchira. Inu kafunseni amuna anu matenda awo."

A Lamptey anali atanena kuti masabata asanu ndi imodzi, osayerekeza za kuchipinda. Pa sabata yachinayi Fiifi anayamba kuzungulirazungulira pafupi ndi uvuni wowambira nsomba.

"Mayi a Esaaba, ine ndikumva bwinobwino."

"Imvani bwino muli uko. Injini tinagulitsa, ina tilibe."

Nthawi itakwana anapitanso ku Accra. A Lamptey anayang'ana bala, n'kumuphunzitsa kuwongola ndi kupinda, n'kunena kuti, "Pitani kwanu, koma pang'onopang'ono."

Mawa lake masana kunagwa chimvula. Moto wa mu uvuni unazima, m'misewu munalibe munthu. Araba analowa m'nyumba atanyowa, n'kupeza mwamuna wake atakhala pamphepete pa bedi, manja ali pamaondo ngati mwana wodikira mayeso.

"Ndikuopa," anatero Fiifi.

"Nanenso."

Anthu a imvi, a zidzukulu, anachita manyazi ngati angokwatirana dzulo. Araba anatseka chitseko. Zimene zinachitika m'katimo n'zawo.

Mvula itakata, Araba anali atatsamira pachifuwa cha mwamuna wake, akumva mtima ukugunda. Anamva dontho pamphumi pake. Anayang'ana kudenga, koma denga silinkadontha.

"Takulandirani, bambo a Esaaba," anatero. "Munapita kutali."

"Ndinali pompano."

"Ayi. Munapita kutali. Musadzapitenso osatsanzika."

Tsono abambo, imvani, ndipo mumve bwino. Kufooka m'nyumba ndi matenda ngati ena onse. Si ufiti, si tchimo, si kutha kwa umuna wanu. Kawirikawiri ndi belu lochenjeza za shuga, kuthamanga kwa magazi kapena mtima, ndiye wobisa akubisa imfa yake. Mabotolo a pamsewu akudyerani ndalama n'kukuonjezerani matenda. Pitani kuchipatala, mutenge akazi anu. Ambiri amathandizidwa ndi mankhwala okha. Kwa amene zonse zakanika, opaleshoni yoika kachipangizo ilipo m'zipatala zina zikuluzikulu. Funsani ubwino wake ndi kuopsa kwake, musankhe maso ali poyera.

Nanunso amayi, mwamuna akazizira musathamangire kudziimba mlandu, kapena kusaka mkazi mnzanu. Funsani, ndipo akayankha musaseke.

Koma woyamba kutsegula pakamwa akhale mwini matenda. Mkazi angathe kupirira thupi lodwala zaka ndi zaka. Chimene chimamutha ndi kusauzidwa.